Chitupa cha a Ezron Daka

Malemu a Ezron Daka, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1921 kufupi ndi Katete. Anali oyamba mwa ana anayi a bambo Jethro Daka, amene anatsogola kale, ndi mayi Nelesi. Ine ndikuwerengane ndine Lawson, mng'ono wawo, ndipo mundikhululukire mawu akamandithera panjira.

Anayamba sukulu ya mishoni mu 1930, nalekezera Sitandade 3. Mu 1938 amishoni anawalemba ntchito yonyamula makalata wapansi. Kumeneko ndiko anaphunzira kuthamanga mtunda wautali, ndipo anali ndi malamulo awo awiri amene tinachita kutopa nawo kuwamva. Loyamba linali lakuti ulendo waukulu ukayandikira, chepetsa. Kukatsala masabata awiri ankadula mtunda pakati, ndipo masiku atatu omaliza ankangofika pachitsime n'kubwerera kukagona. Ife tinkawaseka kuti umenewo ndi ulesi wobatizidwa. Lachiwiri linali lakuti poyamba ulendo uziimba. Ankati ndime ya nyimbo ikakukanika chifukwa cha befu, dziwa kuti wayamba ndi liwiro la kumapeto. Anthu a m'midzi ankadziwa kuti makalata afika akamva nyimbo ya kutchalitchi ikutsika phiri.

Mu 1944 anamanga ukwati woyera ndi mayi Mainess. Mu 1949, chaka cha chilala chija, anabwera kuno ku Chongwe nalowa ntchito pafamu ya fodya. Dzina la famuyo sinditchula, nonse mukuidziwa. Tsiku lomwelo anasiya chitupa chawo ku ofesi, ndipo inu mukudziwa kuti munthu wopanda chitupa safika patali. Apolisi amamutsitsa mu lole, ndipo kwina kulikonse samulemba ntchito.

Mu 1953 kunabwera kalata yakuti amayi athu achita khungu, ndipo akufuna kumva mawu a mwana wawo woyamba asanafe. Achimwene anakapempha chitupa kuti apite kumudzi. Anauzidwa kuti adikire fodya athyoledwe. Fodya anathyoledwa katatu, yankho lili lomwelo. Ndiye chaka chino eni mafamu anapangana zochititsa mpikisano woti antchito awo athamange mailosi 26, kuyambira pa mlatho wa Chongwe kulowera ku Lusaka, ndipo bwana wa famu yawo analonjeza kuti a Ezron akapambana, chitupa atenga.

Anakonzekera miyezi itatu, m'mamawa belu la ntchito lisanalire. Kutatsala masabata awiri anapita ku ofesi, chipewa chili m'manja, kukapempha ntchito yopepuka. Mawu awo anali awa: "Bwana, nipatseni masiku opumula, ine mpikisano nidzakupatsani." Bwana anayankha kuti ng'ombe ikapuma imaiwala goli. Anawatumiza kukazula zitsa tsiku ndi tsiku mpaka Lachisanu madzulo, mpikisano uli mawa lake. Nanga akanatani? Kukana kunali kutaya chitupa, kuthawa kunali kugwidwa. Anatenga pikisi napita kumunda.

Loweruka pa 13 Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu khumi ndi awiri ananyamuka pa mlatho. Bwana anatsatira achimwene pambuyo ndi galimoto, akuliza hutala kuti atsogole kuyambira pachiyambi pomwe. Alamu athu a Mainess anaima m'mbali mwa msewu pa mailosi asanu, ali ndi chikho cha madzi. Amuna awo anadutsa ali patsogolo pa onse, anthu akuomba m'manja, koma nyimbo panalibe. Alamu anangokhala pansi n'kuyamba kulira, anthu n'kumadabwa kuti mayiwa akulira chiyani mwamuna wawo akutsogola.

Pa mailosi 21 anagwa. Anadzuka, nayenda dzandidzandi mpaka kumapeto, koma anafika achinayi, ndipo chitupa chinakhalabe mu ofesi. Lamulungu mkodzo unada ndipo miyendo inatupa. Lachiwiri tinathamangira nawo kuchipatala ku Lusaka. Madokotala anayesetsa ndithu, koma anatiuza kuti impso zaleka kugwira ntchito. Anatisiya Lachinayi pa 18 Okutobala 1956, ali ndi zaka 35. Zikundiwawa, abale anga, sindibisa. Munthu ankadziwa bwino lomwe chimene thupi lake linkafuna, anachinena ndi pakamwa pake, koma sanaloledwe.

Malemu asiya akazi awo a Mainess, ana atatu, Lister, Langford ndi Clotilda, abale atatu, ndiponso amayi athu a Nelesi ku Katete, amene mpaka lero akutchera khutu kunjira. Kalata tatumiza, ndipo sindikudziwa amene adzalimbe mtima kuwawerengera.

Tikuthokoza ampingo, adzukulu amene akumba manda m'dothi louma ngati ili, ndiponso eni dziko la kwa Nkomeshya potipatsa malo ogonekapo mlendo. Tikuthokozanso a Sanford, kapitawo wa pafamu, amene dzulo abweretsa chitupa chija, chitasainidwa bwinobwino kuti mwini wake akhoza kupita kumene afuna. Tachiika m'thumba la malaya awo.

Achimwene, mpumulo umene munapempha uja ndi uwu, usani mu mtendere wa Ambuye. Inu onyamula bokosi, musafulumire nawo. Tiyende liwiro loti tonse tingathe kuimba.