Tsiku lomwe anandichotsa ndulu

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndabwera kutsogolo kuno kuti ndichitire umboni.

Ambiri mumandidziwa, ndimagulitsa tomato pa Songani. Lachiwiri lina masana, ndili pamsika pomwepo, china chake chinandigwira pansi pa nthiti zakumanja, apa. Abale, ndabereka ana anayi, koma ululu umenewo sindinaumvepo. Kusanza, thupi kutentha, kupuma kumene kukubaya. Amuna anga anathamanga nane kuchipatala ku Zomba. Atandiunika, anatitumiza ku Blantyre.

Kumeneko dokotala, mayi wachitsikana ndithu, anati, "Mayi, ndulu yanu yatupa, muli timiyala. Tiyenera kuichotsa. Tiboola timabowo tinayi pamimba, tilowetsa kakamera. Tikapeza kuti zavuta m'pamene ting'ambe. Koma nthawi yabwino ndi ino, masiku oyambirirawa. Tikachedwa zam'kati zimamatirirana, ndiye tidzayenera kudikira masabata asanu ndi limodzi, ndipo ikhoza kudzukanso muli kunyumba."

Anandipatsa pepala loti ndisaine. Abale, ndinaopa. Ndinaopa! Achemwali anga analowa ku fiyeta, kuchipinda cha opaleshoni, akundiseka kuti ndine wamantha, anatuluka atawaphimba nsalu kumaso. Ndinalipo pakhomo paja. Tsono lero ndilowe ine?

Amuna anga, nawonso atagwidwa mantha, anandinong'oneza, "Mayi a Chisomo, tiyeni tizipita. Mukamwe kaye mankhwala, tidzabwerenso." Ndinavomera. Ndinamanga katundu m'chitenje.

Koma nditawerama kuti ndivale nsapato, ululu uja unandigwetsa chogwada. Amayi muli muno, mukudziwa ndulu ya nkhuku ikaphulika mmene imaonongera nyama. Ndinaganiza: yangayi ikakaphulikira kwathu ku Domasi, ndili m'dimba ndekha, andinyamula ndani? Kupita ndikuopa, kutsala ndikuopa. Pemphero lalitali linandikanika. Ndinangoti, "Yesu, ndigwireni dzanja."

Ndinasaina. Dzina langa ndinalilemba ngati mwana wa sitandade wani.

M'mawa mwake akundikankha pakabedi kamatayala, ndinkangowerenga magetsi a kudenga. Ndinauza amuna anga kuti ana asadzawagawe kwa achibale, akulire pamodzi. Iwo anatembenukira kukhoma.

Kenako ndinangomva namwino akundimenya patsaya, "Mayi, dzukani, zatha." Ndinafunsa, "Kodi muyamba liti?" Anaseka. Dokotala uja anadzandiuza kuti ndulu inali itayamba kuchita mafinya, tikanapita kunyumba zikanavuta.

Patatha masiku awiri ndinatuluka ndikuyenda ndekha. Usipa ndi chigumu ndikudya bwinobwino, ndilibe ndulu koma ndili moyo!

Zikomo Ambuye. Zikomo inu amene munkandipempherera. Amayi, musandiyang'ane chete, imbani nthungululu! Abambo, ombani m'manja! Ana anga ali apo, anayi onse pa benchi imodzi, ndipo tikaweruka akupita kwawo ndi mayi awo.

Aleluya!