A Vern ndi Boma Lopanda Maliro

Mayi Pruitt, mkonzi wathu wamkulu, atolankhani nonse, mayi Darlene Halvorsen ndi ana anu amene mwachokera ku Omaha, anzanga a ku makina osindikizira, amene ndikuona mwayandikira kale keke. Zikomo nonse pobwera kudzatsanzikana ndi a Vern, amene akupuma pa ntchito.

Kwa amene simundidziwa, ndine Merle Novak, dalaivala wa nyuzipepala ino. Zaka 28 ndakhala ndikuwayendetsa a Vern Halvorsen m'maboma onse a Nebraska, kuti alembe mndandanda wawo uja wa maboma abwino kukhalamo. Kulankhula pagulu si mbali yanga. Ndaima pano chifukwa Lachiwiri akazi awo, mayi Darlene, anandipeza ku galaja. Anati, "A Merle, anzanu aja akugula kanyumba ka kumtsinje m'boma la Harlow, Lolemba akukasaina. Mtima wawo madokotala aung'amba kawiri. Ine sandimvera. Mukawauze inu, pagulu." Ndiye a Vern, pepani, ndatumidwa. Koma ndiyambe ndakuyamikirani kaye, mwina mungafewe.

Chaka choyamba a Vern anali ndi tsitsi. Anakhala pa desiki miyezi itatu akuwerenga ziwerengero, osatuluka panja. Tsiku lina analowa m'galaja ali wefuwefu. "Merle, ndapeza paradaiso. Ku Harlow chaka chatha sikunamwalire munthu ngakhale mmodzi."

Ine mkazi ndinakwatira wa ku Harlow komweko. Ndinafuna kunenapo kanthu, koma wa digiri akasangalala, ife osamaliza sekondale timangopukuta magalasi a galimoto. Harlow inatuluka nambala wani, tsamba loyamba. Boma loyandikana nalo, la Brandt, linakhala kumchira, ati kumeneko anthu amafa kwambiri.

Kutacha, foni. Anali mkulu wina wogulitsa mabokosi a maliro ku Brandt. "Mnyamata iwe, anthu a ku Harlow amadzafera kwathu kuno. Kwawo kulibe chipatala, ndipo imfa imalembedwa kumene munthu wafera. Sunaone kuti sikunabadwenso mwana? Ukuganiza kuti kuzizira konse kuja amangokhala akuyang'anana?"

Kuyambira tsiku limenelo a Vern sanaweruzenso boma ali pa desiki. Ankafika okha. Miyezo yolembedwa mukuidziwa: sukulu, mitengo ya nyumba, umbava, misewu chikagwa chipale chofewa. Koma panali ina yosalembedwa, ndipo lero ndiiulula. Tikalowa m'boma ankatulutsa kabuku n'kumawerenga madalaivala amene atikwezera chala pa chiwongolero potipatsa moni. Wina akapanda kukweza, ankati, "Merle, bwerera, timpatse mwayi wachiwiri." Ndinabwererapo makilomita asanu kutsata thirakitala. Mlimi wake anakwezadi chala, koma osati cha moni.

Nanga za payi, mkate wotsekemera uja wa zipatso m'kati. Boma lililonse, payi wa maapozi ndi khofi. Ankati anthu amene ayamba kudya payi wa m'sitolo ataya mtima pa boma lawo. Mayi Pruitt, munafunsa kalekale chifukwa chake boma la Keswick linatsika malo khumi ndi awiri chaka chimodzi. Sukulu zawo zinali bwinobwino. Mayi wophika pa lesitilanti yawo ndiye anasamukira kwa mwana wake.

Tsopano mundilole ndinene china.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, m'mawa wina mu Januwale, tinali kwa alamu anga ku Harlow. Mkazi wanga Ardis anagwa m'khitchini. Ndinayendetsa ola limodzi ndi mphindi khumi pa chipale. Imfa yake inalembedwa ku Brandt.

Mwezi wonse wotsatira a Vern ankafika kwanga m'mamawa ndi fosholo, kuchotsa chipale pakhomo, n'kumapita osagogoda. Mawu achipepeso sadziwa, koma fosholo amaidziwa. Chaka chomwecho anagula kawotchi n'kuwonjezera muyezo watsopano: mphindi zochokera pakhomo pa munthu kukafika kuchipatala. Boma lopitirira mphindi makumi anayi silinkalowanso pa khumi oyambirira, ngakhale payi wake akome bwanji. Makhansala anatukwana, ena anasiya kugula nyuzipepala. Koma maboma awiri anagula maambulansi chifukwa cha manyazi. Alipo anthu akudya nkhomaliro lero amene sadziwa n'komwe dzina lanu, a Vern. Ndikuthokozani m'malo mwawo, ndiponso m'malo mwanga.

Ndiye taonani. Chaka chino Harlow mwaiika nambala 81, ndi dzanja lanu lomwe. Lero mukufuna kukakhala komweko chifukwa cha nsomba. Anthu akamva, adzati zaka zonsezi mumatinamiza.

Pempho langa ndi ili. Musanasaine, Loweruka ndikutengani awiri nonse. Tiyambira pakhomo pa kanyumbako mpaka pageti la chipatala, kawotchi kali m'manja mwanu. Zikakhala zosapitirira makumi anayi, mipando ndinyamula ndine, ndipo sindidzatchulanso nkhaniyi. Zikapitirira, mukafune nyumba ku Brandt. Kumtsinje ndizikakutulani ine Lachinayi lililonse. Kwanga kuli zii masiku ano, nthawi ndili nayo yambiri, ndipo ndinazolowera munthu wondiuza kuti ndasochera pamene sindinasochere.

Mukuti bwanji, a Vern?

Mayi Darlene, mwaona nokha, agwedeza mutu kuvomera. Atolankhani, lembani, mboni ndinu.

A Vern, kapumeni. Muzidzuka dzuwa litakwera, muzidya payi mmene adokotala akulolerani, ndipo mukhale nafe zaka zambiri. Anzanga, tiimirire tiwaombere m'manja akuluwa. Inu a ku makina, ikani kaye mafoloko pansi.