Chitsulo Chothyoka Chokha

Madala a Besi anali ndi zinthu ziwiri zimene sankafuna kutaya: gitala yawo ya besi ya zaka makumi anayi, ndi mbiri yoti chibadwire sanalakwepo. Tsiku limenelo anaigoneka gitalayo pa benchi ya mkamwini wawo, mmisiri wokonza zoimbira, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano, mawa ukam'peza pomwepo.

Khosi la gitala linali litapindika ngati uta. Mkulu wa bandi anali atanenetsa kuti Loweruka ku ukwati besi ikakhotanso mawu, malo a madala atenga woimba kiyibodi.

Mkamwini anaunika ndi tochi pakabowo ka kumutu kwa gitalayo. Anafotokoza kuti m'kati mwa khosi mumakhala chitsulo chachitali chowongolera, chimene umachimanga pang'ono chabe lero n'kudikira mawa kuti mtengo uzolowere. Ndiye chitsulocho chinali chitathyoka.

"Alipo anachipotokola mwamphamvu, bambo?"

"Palibe," anatero madala, maso ali kudenga.

Zoona zake n'zakuti dzulo lake anatenga sipanala ya njinga, n'kupotokola kasanu mpaka kumva thyo! Kachidutswa kake kanali m'thumba la jekete, kakuwalasa m'nthiti.

"Ndiye kuti chathyoka chokha?"

"Chokha. Ukalamba, akamwini."

Mkamwini anapukusa mutu mwachisoni. Anati chikanathyoledwa ndi munthu, akanangotenthetsa guluu, kumatula thabwa lapamwamba, kuchotsa chothyokacho n'kuikamo china, Lachisanu gitala n'kumalira. Koma chitsulo chothyoka chokha chikutanthauza kuti mtengo wa khosi ndi umene wapenga, ndipo chatsopano chidzathyokanso.

"Khosi lonse lichoke. Tiyikapo lina," anatero, akutola sikulu dalaivala.

Madala anasisita khosi la gitala yawo. Kumbuyo kwa khosilo chala chawo chachikulu chinali chitakumba kanjira kosalala m'zaka zonsezi. Maso anali atayamba kale kuwakana, ndipo pa siteji ankapeza manoti potsata kanjirako. Pa khosi latsopano akanasochera ngati mlendo.

"Mwinatu n'kutentha," anatero.

"Ndi mtengo womwewo, bambo."

"Kapena inagwa."

"Inagwa?"

"Ine kugwetsa gitala? Mukundiyesa ndani?"

"Ndiye siinagwe." Sikulu yoyamba mwa zinayi zomangira khosilo inagwera m'kachitini.

Madala anakhosomola. Anati n'kutheka kuti munthu wina wake, wosadziwika, analowa m'chipinda iwo atachoka. Mkamwini anaganiza mozama n'kuwakumbutsa kuti m'nyumbamo amakhalamo awiri okha, iwo ndi amayi. Anatulutsa foni kuti awafunse.

"Musawaimbire!" Madala anagwira dzanja lake. Amayiwo ndi amene dzulo anaima pakhomo n'kunena kawiri konse kuti siyani zimenezo, pitani nayo kwa mkamwini. "Amenewo sadziwa kanthu za magitala."

"Ndiye si iwo." Sikulu yachiwiri inagwera m'kachitini.

Zinatsala ziwiri. Madala anayang'ana kanjira ka chala chawo, nalankhula motsitsa ngati akuopa kuti gitala imva.

"Akamwini, ndinapotokola ndine."

Mkamwini anamwetulira mwaulemu. "Ayi, bambo. Mukungodzinamizira kuti mupulumutse khosi. Chikondi chotere n'chosowa."

"Ndikunena zoona. Ndi sipanala ya njinga. Kasanu."

"Inu? Munthu amene pa ukwati wathu munaima n'kuuza anthu onse kuti chibadwire simunanamepo? Poyamba paja mwati palibe. Ine ndagwira pomwepo."

Madala anapisa m'thumba n'kuponya kachidutswa kachitsulo pa benchi. Mkamwini anakatembenuza, anakayeza pakabowo, kanakwana ndendende.

"Mwachita bwino kukatola," anatero. "Kanagwa kokha chitathyoka."

Sikulu dalaivala inakhala pa sikulu yachitatu. Madala anatsomphola foni ija pa benchi n'kuikankhira m'manja mwa mkamwini.

"Aimbireni apongozi anuwo msanga! Akuuzani okha kuti ndine wabodza. Akhala akunena zimenezo zaka makumi anayi, lero ndiye zigwire ntchito."