Bambo Hilary Pitala, Womasulira wa Mawu Atatu

Anamfedwa, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a kumzikiti, ndi nonse mwabwera: amene tikuwaperekeza lerowa ndi Bambo Hilary Pitala a kuno kwa Ulongwe. Wowerenga mbiriyi ndine Lucius, mlamu wawo, amenenso ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri, iwo akumasulira, ine ndikutsuka zilonda.

Bambo Pitala anabadwa chaka cha 1902, ngakhale eni ake ankakonda kunena 1899, poti ankati chimenecho chikumveka chaulemu. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3, ndipo anabwerako ndi satifiketi imene aliyense wolowa m'nyumba mwawo anaiona, afune asafune. Mu 1926 anamanga banja ndi achemwali anga, Mayi Bernadetta.

Mu 1933 analembedwa ntchito yomasulira pa kachipatala kena kufupi ndi doko la Liwonde. Dokotala wachizungu ankabwera Lachinayi lokha, n'kupeza mzere wa anthu ochokera ku Chiuta, ku Nayuchi ndi midzi ya m'mbali mwa Shire, ena atayenda masiku awiri. Odwalawo sankadziwa Chingerezi. Dokotala sankadziwa Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe. Pakati pawo pankaima Bambo Pitala, atavala jekete loyera, m'thumba muli zolembera zitatu, koma cholemba chili chimodzi chokha.

Ntchito ankaigwira mwachangu. Wodwala akafotokoza matenda ake kuchokera pomwe anayambira, kuloza apa, kuloza apo, mpaka malovu kuuma, malemuwa ankatembenukira kwa dokotala n'kunena liwu limodzi. Mawu ake analipo atatu: fiva, kofu ndi sitomaki. Wa fiva ankalandira kwinini, wa kofu mankhwala ofiira a m'botolo, wa sitomaki mchere wotsegula m'mimba. Ndikawafunsa kuti nanga zina zija zathera kuti, ankandiyankha kuti mzungu sanaoloke nyanja kudzamvera nthano, ndipo ine ndizisamala zilonda zanga. Madokotala asanu ndi mmodzi anawalembera makalata owayamikira. Mmodzi analemba kuti sanaonepo womasulira wosataya nthawi ngati ameneyu, ndipo sananame.

Kutchalitchi anali Mkatolika wokhulupirika. Ankakhala benchi lakutsogolo, ndipo Chilatini ankachiyankha mokweza kuposa wansembe. Ankalapa kamodzi pachaka, kumenekonso osachedwa. Anapuma ntchito mu 1955, nabwerera kumudzi kudzalima thonje.

Matenda awo anayamba mwezi wa Epulo chaka chino cha 1957. Lachinayi lina m'mawa, nthawi yomwe kachipatala kaja kankatsegulidwa, anakhala pakhonde nayamba kulankhula m'Chiyao ndi mawu a mzimayi. Mawuwo anati iwo ndi Zelifa wa ku Nayuchi, ndipo si malungo iyayi, analumidwa ndi galu wotuluka thovu kukamwa, tsopano akangoona madzi kukhosi kumamangika. Anabwereza zomwezo mpaka dzuwa kufika pamutu, kenako zii. Kuyambira tsiku limenelo mawu a eni ake anasowa.

M'mawa mwake Zelifa anabweranso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Bambo Mfumu anabwera kudzawaza madzi odalitsidwa. Zelifa anadikira kuti amalize, n'kupitiriza pomwe anasiyira. Shehe Ajibu anabwera ndi mapemphero awo. Zelifa anawapatsa ulemu wonse, koma anati iye wadzera dokotala. Tinawatengera malemuwa ku chipatala chachikulu, kumene anawayeza n'kulemba pa khadi kuti fiva.

Chimene chinkawasowetsa tulo achemwali anga n'chakuti munthu wopanda mawu ake sangalape. Bambo Mfumu ananena mosabisa kuti sangamve kulapa kwa Zelifa, amene anali Msilamu, komanso anamwalira mu 1933. Mayi Bernadetta ankaopa kuti amuna awo apita kwa Mulungu katundu yense ali pamutu.

Amene anapeza njira ndi mwana wawo Scholastica, mphunzitsi wa ku Balaka. Atamvetsera m'mawa umodzi, anatulutsa mpando, nauika moyang'anana ndi bambo ake. Anaima pambali pake monga bambo akewo ankaimira, nanena zonse m'Chingerezi: za galu, za thovu, za madzi, osasiyapo kanthu. Zelifa anathokoza ndipo sanabwerenso. Pampandopo panalibe munthu, koma ndinene zoona pamanda pano, unamvetsera kuposa madokotala ena amene tinagwira nawo ntchito.

Zelifa atachoka panafika msodzi wa ku Chiuta wokodza magazi. Pambuyo pake panafika mayi wina dzina lake Dalesi, akulira m'Chilomwe chozama, pomwe malemuwa ali bwino ankadziwamo moni yekha, kunena kuti mwana wake wameza singano. Ankabwera motsatana monga anabwerera zaka zijazo, popanda wolumpha mnzake, anayi kapena asanu m'mawa umodzi. Aliyense ankachoka pokhapokha mawu ake onse atanenedwa m'Chingerezi. Scholastica akafupikitsako, mwini mawu ankayambiranso pachiyambi. Mwanayu anasiya ntchito yake yophunzitsa.

Nkhani inamveka kutali, ndipo anthu anayamba kubwera kudzamva abale awo. Ena mwa inu munalipo. Bambo wina anayenda kuchokera ku Nayuchi, nakhala masiku asanu ndi atatu pansi pa mtengo wa mango, ndipo atamva mayi ake akufotokoza chotupa chimene sanauzepo ana awo, ananyamuka osatsanzika. Bwalo linkasesedwa mbandakucha, koma pofika masana pafumbi pankaoneka mapazi opanda nsapato, akuluakulu ndi aang'ono, atandandalika mzere umodzi kuchokera pakhonde mpaka kumsewu, onse oloza kunyumba. Amoyofe tinkalambalala. Nkhuku nazo sizinkadutsapo.

Pofika mwezi uno wa Seputembala mzere unali utafika mu 1949, chaka cha njala chija, ndipo thupi la malemuwa linali litatha. Dzana Lamulungu, Misa itatha, Bambo Mfumu anabwera ndi mafuta odzozera odwala. Amene ankalankhula panthawiyo anali mwamuna wotupa miyendo, amene ankati iye sakudwala, wangokhala masiku asanu ndi limodzi osadya. Scholastica atamaliza kumasulira, wotsatira sanabwere. Malemuwa anatsegula maso, ndipo tonse tinaona kuti eni ake abwerera. Bambo Mfumu anasendeza khutu pafupi. Achemwali anga anagwada, kuwachonderera kuti alape msanga mpata usanatsekeke. Iwo anatembenuzira mutu kukhomo, nafunsa ndi mawu awoawo:

"Mayi a Scholastica, atsala angati panjapo?"

Mayi Bernadetta anapita pakhomo. Anaimapo nthawi yaitali akuyang'ana bwalo limene enafe tinkaliona lopanda munthu, mutu wawo ukuyenda pang'onopang'ono mpaka kumsewu, n'kupitirira cha kumunda wa thonje. Atabwerera anati, "Atha onse, bambo. Gonani."

Malemuwa anatseka maso, natisiya pomwepo. Bambo Mfumu anawadzoza, nanena kuti chiyambire unsembe wawo sanamvepo kulapa kwakutali ngati kwa miyezi isanu imeneyi, ndipo ngakhale kwabwera ndi mawu a anthu ena, iwo akulandira. Zimenezi zinawatonthoza achemwali anga. Komabe chichokere tsikulo akumatulukira khomo la kuseri, ndipo sitinawafunse chifukwa chake.

Bambo Hilary Pitala amwalira ali ndi zaka 55, kapena 58 tikatsata mawu awo. Asiya mkazi, Mayi Bernadetta. Ana anayi, Scholastica, Chester, Gladys ndi Elliam. Zidzukulu zisanu ndi zinayi. Mng'ono wawo mmodzi, a Japhet, ndi achemwali awo awiri, Mayi Martina ndi Mayi Elsie. Asiyanso odwala a zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira 1949 mpaka 1955, amene sanawafikire. Chiwerengero cha amenewa akuchidziwa ndi mayi a m'nyumba okha.

Ngati otsalawo angawalole, apumule mu mtendere.