Malata a Sukulu ya Kutsidya

Pa siteji ya basi ku Linthipe, mayi wina ankamasula pang'onopang'ono mpendero wa yunifolomu kuti aitalikitse. Pambali pake panakhala bambo wosamudziwa, malaya ali mbuu ndi choko, akudzikupiza ndi khadi la chipani.

"Mwamva, mayi? Akuti tsopano ndalama za boma zizitsata ntchito. Sukulu yokhozetsa bwino Sitandade 8 ndiyo yolandira malata."

"Eee."

"Ndiye apatsa ya kutsidya kwa mtsinje ija! Analembetsa ana khumi ndi awiri, onse kukhoza. Ife makumi anayi, theka n'kulephera. Mvula ikagwa timaphunzitsa titafunda matumba a feteleza, kwa anzathu denga lili waliwali. Hedimasitala ameneyo ali ndi mankhwala, ndikukuuzani."

"Kapena."

"Mukuti kapena? Ine zaka khumi ndikumeza choko, wolandira malata n'kukhala iyeyo?"

Mayiyo anadula ulusi ndi mano.

"Aphunzitsi, mankhwala akewo ndi awa ndagwirawa. Bernadetta wanga amaphunzira komweko. Amati akalemba mayeso awaonongera mbiri, ndiye azidikirabe mu Sitandade 7. Mpendero uno ndikuumasula kachitatu. Nsalu yathera pomwepa, ndipo ofunsira mbeta afika kale pakhomo."