Dzina Langa Linakanidwa ku Banki ya ku Cuamba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse. Ine ndine Esinati Jailosi wa ku Mandimba. Ndikufuna kuchitira umboni za mavuto amene ndinaona pofuna kutsegula akaunti ku banki, imene kuno timati konta. Ena muiona ngati nkhani yochepa, koma ine inandiliza zaka ziwiri. Mundikhululukire ngati mawu anga akuwawa, chifukwa mumtima simunapole kwenikweni.

Nkhondo itafika kwathu ndinali kamtsikana, ndipo tinathawira ku Malawi. Ndinakulira komweko, sukulu yochepa imene ndili nayo ndinaphunzira komweko, ndipo ndinakwatiwa ndi mnzanga wothawa nkhondo. Kumeneko ankatitcha a ku Mozambiki. Mtendere utabwera tinabwerera, ndipo kuno anayamba kutitcha Amalawi. Chipwitikizi sindinkadziwa ngakhale cha moni. Ndinakhala mlendo m'dziko lomwe ndinabadwira.

Tinaswa mphanje, tinamanga nyumba yaudzu, tinayamba kulima fodya. Patapita zaka mwamuna wanga anamwalira, n'kundisiyira ana atatu ndi munda. Posakhalitsa ogula fodya analengeza kuti asiya kulipira pamanja, ndalama zizilowa ku banki. Ine konta ndinalibe. Alamu anga a Fulujensio, akulu ake a malemu amuna anga, anali nayo, ndipo anandiuza kuti, "Mlamu, musavutike. Zizilowa kwa ine, ine ndizikupatsani."

Ndinavomera, ndipo mavuto anayambira pomwepo. Fodya ndinkalima ndine, kusoka ndine, kunyamula ndine, koma ndalama ndinkakapempha pakhomo pawo nditagwada. Ankayamba andifunsa kuti ndikufuna kugula chiyani, kenako n'kundipatsa zongokwanira mchere ndi sopo. Iwo anakhoma malata n'kugula njinga yamoto, kwanga denga likudontha. Mwana wanga wamkazi anasiya sukulu chifukwa chosowa yunifomu ndi makope. Nditakadandaula kwa akuluakulu a banja, anati mkazi wosadziwa chilankhulo cha boma azithokoza kuti pali womusungira.

Chaka chachiwiri ndinatsimikiza zotsegula konta yangayanga. Masiku amenewo banki tinkaipeza ku Cuamba, choncho ndinagulitsa mbuzi n'kukwera chapa, minibasi ya kuno. Mabanki ndinapeza awiri, ndipo ndinasankha yaikulu poganiza kuti kukula kwa nyumba ndiye kukhulupirika. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Nditafika kutsogolo, kalaliki anayankhula Chipwitikizi mothamanga n'kundikankhira pepala limene sindinathe kuwerenga. Nditamuyankha m'Chinyanja, anatembenukira kwa mnzake n'kunena mawu angapo. Ndinamvapo limodzi lokha, lakuti Malawi, ndipo onse awiri anaseka. Ndinatuluka pepala lili m'manja, osalembapo kanthu.

Patatha mwezi ndinagulitsa nkhuku zanga zonse n'kupitanso, ulendo uno ku banki inayo. Kumeneko anayang'ana mapepala anga awiri. Khadi la othawa nkhondo linalembedwa Esnart Jailosi, pomwe pepala limene anandipatsa pobwerera linalembedwa Esinate Jairosse. Anandiuza ndi manja kuti awa ndi anthu awiri, ndipo sangadziwe kuti ine ndine uti. Abale, ndinathawa ndi dzina limodzi, koma olemba a mayiko awiri analigawa pakati, mlandu n'kukhala wanga.

Ndinakakhala pakhonde la sitolo ina n'kuyamba kulira. Pemphero langa silinali laulemu. Ndinati, "Mulungu, munandipulumutsa ku zipolopolo kuti ndidzafe ndi cholembera?"

Pafupi nane panali mayi wina wachikulire wa Chisilamu, atakhalira matumba a nyemba podikira galimoto. Anandifunsa m'Chiyao, ndipo ataona kuti sindikumva bwino anasinthira ku Chinyanja. "Mwanangu, mwaferedwa?" Ndinawaonetsa mapepala aja. Anawerenga dzina kawiri, n'kundiyang'anitsitsa.

"Jailosi wake uti? Telala uja ankasoka pakhonde ku Mandimba nkhondo isanabwere?"

"Eya, amenewo ndi bambo anga. Anamwalirira ku Malawi."

"Amene aja anandisokera zovala za ukwati wanga. Inu ndinakuonani muli kumsana. Dzukani, pukutani misozi."

Dzina lawo linali mayi Asiyatu. Galimoto yawo inabwera, koma anaisiya ipite. Anasungitsa nyemba kwa mwini sitolo n'kunditenga kubwerera ku mabanki onse awiri, akufunsa m'Chipwitikizi mafunso amene ine sindinkadziwa kuti munthu amafunsa. Kodi poyambira pamafunika zingati? Kodi pamwezi amadulapo zotani? Kodi munthu wina angatape popanda mwiniwake? Yankho lililonse ankandimasulira, osandisankhira. Ndinasankha yaing'ono ija, chifukwa ndalama zoyambira zinali zoti ndingazikwanitse, komanso munali mtsikana wolemba amene ankamva Chinyanja, yemwe poyamba paja sindinamupeze. Kalaliki amene anandiseka uja anawayankha mayi Asiyatu mwaulemu wonse, ine ndili chiimire pambali pawo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kuja.

Panatsala za dzina. Sabata yotsatira mayiwa anasiya malonda awo n'kubwera ku Mandimba, limodzi ndi agogo ena amene ankawadziwa bambo anga. Onse awiri anakachitira umboni ku ofesi yolembera anthu kuti Esnart ndi Esinate ndi mwana mmodzi wa Jailosi. Zinatenga miyezi, ndinabwezedwa kangapo, koma chiphaso chinatuluka. Tsiku limene ndinasaina konta yanga mtsikana wolemba uja ndi amene anandigwirira pepala.

Musaganize kuti zonse zinakoma. A Fulujensio atamva, ananena kuti ndawachititsa manyazi ngati kuti iwo ndi wakuba. Mpaka lero sandipatsa moni, ndipo za fodya wa zaka ziwiri zija sindinaonepo kanthu. Achibale amene ankadya nawo ndi omwewo amanditcha wamwano. Ndimapemphera kuti ndiwakhululukire, koma ndinganame nditati ndatha. Mundikumbukire pa chimenechi.

Komabe ndikuthokoza Mulungu. Mumpingo mwanga momwe munali anthu odziwa Chipwitikizi amene ankaona ndikuvutika, koma Iye ananditumizira mayi wachipembedzo china amene sindinkamudziwa n'komwe. Fodya wa chaka chimenecho analowa m'dzina langa, ndipo mwana wanga wachiwiri sanasiye sukulu ngati mkulu wake.

Inu amasiye, ndi inu nonse obwerera amene mumaopa khomo la ofesi chifukwa cha chilankhulo, musapereke thukuta lanu m'dzina la munthu wina. Akakubwezani, lirani ngati mukufuna kulira, koma mupitenso. Mulungu anamva pemphero langa lamwano lija, ndipo lanunso adzalimva. Ambuye akudalitseni. Amen.