Don Efraín Ankatsegulabe Katani

Malemu agogo athu, Don Efraín Cotto Berríos, anabadwa pa 9 Malichi 1941 ku mapiri a Jayuya, ku Puerto Rico, m'banja la alimi a khofi. Bambo Mfumu, akuluakulu a komiti ya mudzi wa Garza Blanca, ndi nonse amene mwaima patalipatali mutaphimba pakamwa: woyenera kuwerenga mbiriyi ndi bambo anga, koma nawonso agona ku Hartford ndi mliri womwewu umene watenga agogo. Choncho yagwera ine Yarelis, mdzukulu wawo. Sekondale ndamaliza mwezi wathawu; ndikaphonya mwambo mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1948 nalekeza kalasi lachisanu ndi chitatu, poti khofi akapsa sadikira mwana wa sukulu. Mu 1959 anapita ku Connecticut kukagwira ganyu m'minda ya fodya. Kumeneko, pa dansi ya Loweruka, anaona namwali wa diresi yachikasu, Aurea Maldonado, agogo athu aakazi. Atawapempha kuti avine, iwo anangoyang'ana pansi nati, "Ndi matope amenewo? Kavine ndi khasu." Loweruka lotsatira malemu anayenda njira yonse opanda nsapato, nsapatozo atazikolowetsa m'khosi, nazivala pakhomo pa holo. Ine mpaka lero mnyamata aliyense ndimayamba ndamuyang'ana kumapazi, ndipo sindinamupeze wotero. Ukwati unachitika pa 15 Ogasiti 1964, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Wilfredo ndi Migdalia.

Kuyambira 1967 mpaka 2006 malemu ankayendetsa basi mu mzinda wa Hartford. Mu 2009, kuzizira kutayamba kulowa m'mawondo mwa agogo aakazi, anagulitsa nyumba nasamukira kuno ku Florida, m'mudzi wa opuma pantchito wa Garza Blanca. Anaukonda mudzi wanu. Ine ankandiitana kuti nena, ndiko kuti kamtsikana m'chilankhulo cha kwawo. Ankati, "Nena, kuno ndi kumwamba, kungoti angelo ake onse ali ndi shuga." Madzulo ankavina pabwalo, m'mawa ankaperekeza anzawo kuchipatala pa kagalimoto kawo ka batire. Anthu zikwizikwi, onse a imvi, chipatala chimodzi. Panthawiyo palibe amene zinkamudetsa nkhawa.

Mu msewu wawo muli pangano limene nonse mukulidziwa. Aliyense akadzuka amatsegula katani ya kukhitchini, kuti woyandikana naye adziwe kuti kwacha bwino. Ikafika naini koloko katani ili chitsekere, mnzakoyo amatenga kiyi n'kulowa. Kiyi wa agogo ankasunga ndi Doña Provi, mayi a zaka 83 odwala mphumu, amene aima apowa.

Pa 6 Julayi chaka chino cha 2020 agogo aakazi anayamba kubanika. Ambulansi inafika dzuwa litapendeka kale, chifukwa tsiku limenelo misewu yambiri inkaitana. A ambulansiwo anawakaniza malemu kukwera nawo. Anatsala pakhomo atanyamula juzi ya akazi awo, amene anali asanagone nawo nyumba zosiyana chikwatirane.

Posakhalitsa nawonso anayamba kutsokomola. Anaimba kwa dokotala wawo, anapeza atatseka, dokotalayo akudwala. Anaimba kuchipatala, anawauza kuti mabedi adzaza, odwala ali m'makonde, akhale kaye kunyumba, aimbenso mpweya ukayamba kuthawa. Sitikuloza chala anamwino, tinawaona nkhope zawo. Koma munthu wokalamba amene ali yekha, mpweya ukathawa aimba ndi chiyani?

Ife tikawaimbira ankati ndi chimfine. Ine ndikati, "Agogo, ndidalitseni," ankayankha, "Mulungu akudalitse, nena, koma usandichedwetse, ndili ndi chibwenzi kuchipatala chikudikira foni yanga." Ndiye ndinkaseka. Ndinkaseka ine!

Ndipo m'mawa uliwonse katani inkatseguka. Doña Provi ankaiona, mtima n'kukhala pansi. Tsiku lina anawakuwira ali pakhonde pawo, "Efraín, mwaonda ngati ndodo ya tsache!" Malemu anangokweza dzanja pawindo, ngati mmene ankaperekera moni ali pa chiwongolero cha basi. Ankadziwa kuti katani ikapanda kutseguka mayiwa alowa, ndipo ndi chifuwa chawocho sadzatulukamo bwino. Pangano limene linapangidwa kuti munthu asafe yekha ndi limene anabisalamo.

Pa 15 Julayi katani sinatseguke. Doña Provi atalowa anawapeza ali pansi m'khitchini, pansi pa windo, mawondo atanyuka. Anali akupumabe. Mawu amene anatha kutulutsa anali akuti, "Tulukani, Provi! Kodi ndakhala ndikukwawira pachabe ine?" Doña Provi anati, "Khalani chete, nkhalamba yamakani inu," nakhala pansi pomwepo mpaka ambulansi inabwera. Malemu anatisiya pa 16 Julayi, ali pa machira m'khonde la chipatala, akudikira bedi. Akazi awo anali m'chipinda cham'mwamba m'nyumba yomweyo, koma sanaonane.

Namwino wina wachifundo anawagwirira foni agogo aakazi kuti tiwauze. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga tsitsi langa azindipesa ndani?" Pakuti chiyambire nyamakazi m'manja mwawo, malemu ndiwo ankawapesa m'mawa uliwonse.

Tsopano ndinena zimene sizinalembedwe mu mwambo wa mbiri, chifukwa sindingadikire. Agogo aakazi akutuluka m'chipatala Lachisanu likubwerali. Sikuti achira, koma bedi likufunika kwa wina. Satha kuyenda okha kufika kubafa. Anamwino oyendera m'makomo atsala ochepa, atiuza kuti tidikire. Bambo anga ali chigonere. Azakhali a Migdalia ndi namwino, kuntchito kwawo sangawalole kuchoka. Ndatsala ine. Koma lamulo la mudzi wanu likuti wosakwana zaka 19 sangakhalemo, ndipo chiyambire Malichi alendo salowa. Ine ndili ndi zaka 18. Dzana mlonda wa pageti anandibweza, akugwetsa misozi, koma anandibweza ndithu.

Bambo Gunderson, wapampando wa komiti, mwatiuza kuti mudzakambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa. Ndikudziwa kuti mukuopa, nanenso ndikuopa. Ndayezetsa, matendawa ndilibe. Ndidzavala chophimba pakamwa, sindidzaponda pabwalo panu, sindidzaliza wailesi. Koma musauze Doña Provi kuti akhalenso namwino wa mnzawo. Okalamba okhaokha simungathe kunyamulana. Taona kumene zimathera, tazinga bokosi la agogo pano.

Malemu asiya akazi awo Doña Aurea, ana awiri, zidzukulu zitatu, ndi mlongo wawo Doña Carmelina ku Jayuya. Banja likuthokoza Bambo Mfumu, anamwino amene akugwira ntchito osapuma, amayi amene akhala akutisiyira mpunga ndi nandolo pakhomo pa kumene ndafikira, ndiponso Doña Provi, amene anauzidwa kuti atuluke koma anakana.

Chikwama changa chili m'galimoto. Tikabalalika pano ndikupita pageti, ndipo ndikakhala pomwepo mpaka Lachisanu. Agogo aakazi akamadzalowa, adzalowa ndi ine, kapena mudzatibweze tonse awiri inu mukuona.

Agogo, ndidalitseni komaliza. Mwakwawa mokwanira, gonani tsopano, mzimu wanu uuse mu mtendere wa Ambuye.